Fodya Timamuyeza pa Sikelo, Nanga Wolowa M'thupi Amayezedwa Bwanji?

Amayi, m'sewero la pa wailesi lija munali bambo wina amene anaperekeza mkazi wake kusikelo ya amayi oyembekezera. Namwino atawafunsa ngati amasuta, bambowo anayankha kuti amasuta pang'ono chabe, ndudu zitatu patsiku. Mkazi wawo anangoyang'ana pansi. Iye ankadziwa za chingambwe cha m'mamawa, cha kumunda ndi cha usiku pokagona.

Pokambirana za seweroli panabuka funso ili: kodi pali njira yodziwira fodya amene walowadi m'thupi mwa munthu, popanda kudalira zonena mwini wake? Njira ilipo, koma inatenga zaka zambiri kuti ipezeke. Itapezeka inaulula chinthu chimene chikukhudza inu ndi mwana ali kumsanayo, ngakhale simunagwirepo ndudu chibadwire. Tiyeni tiyambire kwathu konkuno ku Dowa.

Fodya wa makolo ndi fodya wa msika

Fodya kwawo ndi ku America. Anafika ku Africa ndi amalonda a pamadzi, makamaka Apwitikizi, zaka mazana angapo zapitazo. Makolo athu ankalima mizere ingapo kuseri kwa nyumba kapena pachulu. Ena ankasuta m'kaliwo, ena ankapera n'kumafwenkha m'mphuno. Umboni wake ndi mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Fodya wa malonda anayamba ndi azungu a banja la Buchanan ku chigawo cha kummwera, ndipo woyamba kutumizidwa kunja anapita m'chaka cha 1893. Mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Kuno ku chigawo chapakati zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi mnzake Wallace anakhazikika ku Mbabzi m'boma la Lilongwe. Iwo anayamba kugawira anthu a m'midzi mbande za fodya wochiza ndi utsi, amene timamutcha chikopa, n'kumagula masamba ake. Posakhalitsa ulimiwu unafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa.

Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti lizilemba alimi ndi kuyang'anira misika. Pofika 1935, magawo 70 mwa magawo 100 a fodya yense wa dziko lino ankachokera m'chigawo chapakati. Kuyambira 1971 fodya wa alimi a m'midzi ankagulidwa ndi ADMARC. Bale anali wa maesiteti okha kufikira chaka cha 1990, pamene alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima. Kuchokera pamenepo zigafa zinachuluka ku Mponela, ku Madisi, mpaka ku Malomo m'boma la Ntchisi.

Choncho kwa zaka pafupifupi 100 takhala tikumuyeza fodya. Timadziwa kulemera kwa belo lililonse, giredi yake ndi mtengo wake kuokushoni ku Kanengo. Fodyayu wafoletsa nyumba zamalata ndi kulipirira ana sukulu, ndipo kabukuka sikakunyoza mlimi ayi. Koma sikelo ya kumsika imayeza fodya wochoka pakhomo. Wotsala m'mapapo, m'magazi ndi pakhungu suumuona.

Chikonga n'chiyani?

Chimene chimam'gwira munthu kuti asathe kuleka fodya ndi chikonga, chimene achipatala amati nikotini. Dzinali linachokera kwa Jean Nicot, kazembe wa dziko la France ku Portugal, amene anatumiza fodya kwa mafumu a kwawo cha m'ma 1560 pomuyesa mankhwala. Mu 1828 anthu awiri a ku Germany, Posselt ndi Reimann, anakwanitsa kupatula chikonga kuchokera m'tsamba, ndipo anaona kuti ndi poizoni.

Ndudu imodzi ya m'sitolo imakhala ndi mamiligalamu a chikonga 10 kapena kupitirira pang'ono. Cholowa m'magazi mwa wosuta chimakhala miligalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Akangokoka utsi, chikonga chimafika kuubongo pasanathe masekondi 20. N'chifukwa chake wosuta amamva kupepukidwa nthawi yomweyo, ndipo thupi limaphunzira msanga kufuna china.

Muyenera kudziwanso kuti chikonga sichiyenda chokha. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Muli phula lakuda lija limene limamatirira m'kaliwo. Mulinso mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Chikonga chimamanga munthu, zinazi n'kumamuwononga. Tikayeza chikonga timadziwanso kuchuluka kwa utsi umene munthuyo wameza.

Poyamba ankangowerenga ndudu

Njira yoyamba inali yofanana ndi ya namwino wa m'sewero uja: kufunsa. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafalitsa zimene anapeza atafunsa odwala m'zipatala za ku London. Pafupifupi onse odwala khansa ya m'mapapo anali osuta. Mu 1951 iwo analembera makalata madokotala a ku Britain, ndipo pafupifupi 40,000 anayankha. Atawatsatira kwa zaka zambiri anaona kuti amene ankasuta ndudu zambiri ndiwo ankafa msanga.

Za amayi zinadziwika mu 1957. Dokotala wina wamkazi wa ku California, Winea Simpson, anaona kuti ana obadwa osakwana makilogalamu awiri ndi theka anali ochuluka pafupifupi kawiri kwa amayi osuta poyerekeza ndi osasuta. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti ana a amayi osuta amabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 200.

Kuno kwathu kufunsa n'kumene kwatipatsa ziwerengero. Pa kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, amuna 26 mwa 100 aliwonse ndi amayi atatu mwa 100 aliwonse anati amasuta.

Koma kufunsa kuli ndi malire. Wina amachita manyazi, makamaka mayi woyembekezera kapena mkulu wa mpingo. Wina amaiwala, poti amagula ndudu imodziimodzi paokala. Nanga chingambwe tingachiwerenge bwanji? Wina amakulunga chaching'ono ngati kachitsotso, wina chachikulu ngati chala chamanthu, m'pepala kapena m'khoko la chimanga, chopanda sefa. Agogo ofwenkha fodya m'mphuno kapena oika m'kamwa mukawafunsa amati sasuta, ndipo sakunama, koma chikonga chimawalowa ndithu.

Makina amene anasocheretsa anthu

Njira yachiwiri inali kuyeza ndudu yeniyeniyo. Kuyambira 1967 boma la America linkagwiritsa ntchito makina osuta. Makinawo ankakoka utsi wofanana kamodzi pa mphindi iliyonse, ndipo chikonga ndi phula zinkagwidwa pa kansalu n'kuyezedwa. Makampani anayamba kupanga ndudu zimene ankati n'zopepuka. Anaboola timabowo tating'ono pa sefa kuti mpweya uzisungunula utsi, ndipo makina ankaonetsa chikonga chochepa.

Koma munthu si makina. Thupi lozolowera chikonga limafuna muyeso wake. Wosuta ndudu yopepuka amakoka mwamphamvu, amakoka pafupipafupi, ndipo milomo ndi zala zake zimatseka timabowo tija osadziwa. Mu 1983 Neal Benowitz ndi anzake ku San Francisco anayeza magazi a anthu osuta, napeza kuti osuta ndudu zopepuka sankalandira chikonga chochepa kuposa anzawo. Mu 2008 boma la America linasiya kuvomereza njira ya makina ija.

Phunziro lake likugwiranso ntchito pakhomo panu. Bambo akachepetsa ndudu kuchoka pa 10 kufika pa zisanu, ndi chiyambi chabwino. Koma ngati akuzikoka mpaka kupsa zala, chikonga cholowa sichinatsike ndi theka ayi.

Thupi limasunga umboni

Kodi Benowitz anayeza chiyani m'magazimo? Chikonga chenichenicho n'chovuta kuchigwira chifukwa sichikhalitsa. Pakatha maola awiri, theka lake limakhala litachoka m'magazi. Ichi ndicho chifukwa chake wosuta tsiku ndi tsiku amadzuka ndi chibaba: usiku wonse chikonga chakhala chikutha.

Koma chikonga chikachoka chimasiya phazi. Chiwindi chimasandutsa magawo 70 mpaka 80 mwa 100 a chikonga kukhala mankhwala ena otchedwa kotinini. Kotinini amakhalitsa. Theka lake limachoka pakatha maola pafupifupi 16, motero amapezekabe patatha masiku atatu kapena anayi munthu atasuta komaliza. Mu 1973 Helen Van Vunakis ndi anzake ku America anapeza njira yoyezera kotinini ngakhale atachepa kwambiri. Lero amayezedwa m'magazi, m'malovu ndi mumkodzo, ndipo kuli timapepala toviika mumkodzo tofanana ndi toyezera mimba.

Ubwino wa kotinini ndi woti safunsa kuti fodya analowera kuti. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe, kaliwo, wa m'mphuno, wa m'kamwa, onse amasiya phazi limodzimodzi. Palinso kachipangizo kouzira kamene kamayeza carbon monoxide mu mpweya wa munthu, koma kameneka kamangoona utsi wa tsiku lomwelo.

Zimene kuyezaku kunaulula za osasuta

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa inu, amayi. Ofufuza atayamba kuyeza kotinini, anayezanso anthu osasuta. Anamupeza mwa akazi a amuna osuta. Anamupeza mumkodzo wa makanda. Anamupeza mumkaka wa m'mawere wa amayi osuta, ndiponso m'madzi amene mwana amakhalamo m'mimba.

Izi zinagwirizana ndi zimene Takeshi Hirayama wa ku Japan anafalitsa mu 1981. Iye anatsatira amayi osasuta oposa 90,000 kwa zaka 14, ndipo anaona kuti amene amuna awo ankasuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa amene amuna awo sankasuta.

Kotinini wa munthu wopuma utsi wa mnzake amakhala wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa wosuta mwini. Koma mapapo a mwana ndi anthete, ndipo mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu. Ana okhala mu utsi wa fodya amadwala chibayo, chifuwa, mphumu ndi matenda a m'khutu kawirikawiri. Kwa khanda, utsiwu umawonjezera ngozi yomwalira mwadzidzidzi lili m'tulo. Mayi woyembekezera amene amapuma utsi wa bambo akhozanso kubereka mwana wochepa thupi. Taganizirani nyumba zathu m'mwezi wa June, kukazizira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: chitseko chotseka, zenera lotsekedwa ndi chiguduli, onse m'chipinda chimodzi. Utsi wa bambo umakhala wa banja lonse.

Chikonga cholowera pakhungu

Pali khomo lina limene chikonga chimalowera, ndipo limeneli ndi lathu ife alimi. Mu 1970 madokotala a ku Florida analemba za matenda ogwira anthu othyola fodya wamuwisi. Mu 1975 Stephen Gehlbach ndi anzake ku North Carolina anayeza mkodzo wa othyola fodya amene sankasuta, ndipo anapezamo kotinini. Chikonga chimasungunuka m'madzi. Tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, madziwo amatenga chikonga, amanyowetsa zovala, ndipo chimalowa pakhungu mpaka m'magazi.

Zizindikiro zake mukuzidziwa: nseru, kusanza, chizungulire, mutu, kupotokola m'mimba ndi kufooka. Zimayamba munthu ali m'munda kapena madzulo ataweruka, ndipo kawirikawiri zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Popeza nyengo yothyola fodya ndi nyengo yomweyo ya udzudzu, n'kosavuta kuziyesa malungo.

Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba. Anawo anafotokoza zizindikiro zomwezi. Potengera zimene ofufuza a kunja anapeza, lipotilo linachenjeza kuti pa tsiku lachinyezi wothyola fodya akhoza kukhudzana ndi chikonga chofika mamiligalamu 54, chimene linachiyerekeza ndi ndudu pafupifupi 50.

Tsono taonani tsiku la mayi wa ku Dowa m'mwezi wa February. M'mamawa akuthyola masamba a mame, atawapanira kukhwapa. Masana akusoka fodya pachigafa, mwana ali pamwendo. Akalira amamuyamwitsa osasamba m'manja. Usiku agona m'nyumba momwe mwasungidwa fodya, bambo akusuta. Namwino akamufunsa ngati amasuta, ayankha zoona kuti ayi. Koma thupi lake likanayezedwa likananena zina.

Kuyeza kumene mungathe kuchita kunyumba

Kuyeza kotinini kumachitika makamaka pa kafukufuku, ndipo si mbali ya zoyeza za masiku onse kusikelo. Koma pali muyeso wina wosafuna ndalama. Mu 1978 Karl Fagerström wa ku Sweden anakonza mafunso oyezera mmene chikonga chamugwirira munthu, ndipo anakonzedwanso mu 1991. Mafunsowo amafuna kudziwa zinthu zisanu ndi chimodzi:

1. Nthawi imene imapita munthu atadzuka asanayatse fodya woyamba.
2. Ngati amavutika kupirira pamalo oletsedwa kusuta, monga m'tchalitchi kapena m'chipatala.
3. Ngati fodya wa m'mamawa ndiye amene sangalole kumusiya.
4. Kuchuluka kwa ndudu zimene amasuta patsiku.
5. Ngati amasuta kwambiri m'mawa kuposa masana.
6. Ngati amasutabe ngakhale akudwala chogona.

Funso loyamba ndilo lalikulu. Ofufuza anapeza kuti amene amayatsa fodya msanga akangodzuka amakhalanso ndi kotinini wambiri m'magazi. Woyatsa pasanathe mphindi 30 ndi wogwidwa ndithu, ndipo woyatsa pasanathe mphindi zisanu ndi wogwidwa kwambiri. Inu mumadzuka m'nyumba imodzi ndi bambo, choncho yankho mukulidziwa kale.

Muyesowu si wokatsutsira nawo bambo pamaso pa anthu. Ukutiphunzitsa kuti munthu wotere sasuta chifukwa cha mwano kapena kusakonda ana ake. Thupi lake lamangidwa, ndipo akufunika thandizo. Akasiya, masiku atatu oyamba ndiwo ovuta kwambiri: amakwiya msanga, amasowa tulo, amamva njala. Pakapita masabata awiri mpaka anayi zambiri mwa izi zimachepa. Ambiri amene anasiya anayamba alepherapo kangapo.

Sikelo ina muli nayo kale m'manja: khadi la mwana. Mwana akabadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka, kapena akamadwala chifuwa pafupipafupi, zifukwa zimakhala zambiri, monga malungo, kuchepa kwa magazi, kusowa chakudya ndi utsi wa nkhuni. Koma auzeni anamwino ngati pakhomo pali wosuta kapena ngati mumagwira fodya wamuwisi, kuti akulangizeni zoyenera.

Tichite chiyani?

Mu 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, limene mayiko anagwirizana mu 2003. Panganoli limanena za kuteteza anthu ku utsi wa anzawo, ndiponso za kusamala umoyo wa alimi a fodya. Malamulo amayenda pang'onopang'ono, koma izi mungayambe lero:

- Pemphani bambo mwaulemu, pa nthawi imene mtima wawo uli m'malo, kuti azisutira panja, kutali ndi khomo ndi zenera. Kusutira m'chipinda china sikukwanira.
- Mwana asagone pamphasa imodzi ndi munthu wosuta.
- Ngati muli oyembekezera, lekani fodya wa mtundu uliwonse, wa m'mphuno ndi wa m'kamwa yemwe, ndipo pewani kuthyola fodya wonyowa.
- Dikirani mame aume musanalowe m'munda. Valani malaya a manja aatali, magolovesi, ndi pulasitiki pamwamba ngati masamba ali onyowa.
- Zovala zikanyowa vulani msanga, musambe ndi sopo. Sambani m'manja ndi m'mawere musanayamwitse.
- Musaleke kuyamwitsa. Ngakhale pakhomo pali utsi, mkaka wa m'mawere umamuteteza mwana ku chibayo ndi kutsegula m'mimba.
- Ana asathyole, asasoke, asanyamule fodya. Musasunge fodya m'chipinda chogona.
- Wina akayamba kusanza ndi chizungulire atachoka m'munda, avule zonyowa, asambe, amwe madzi ambiri, ndipo mupite naye kuchipatala. Akayezedwe malungo, ndipo munene kuti anali m'fodya kapena ngati anapopera mankhwala.
- Wosuta amene wakhosomola masabata awiri akayezetse chifuwa chachikulu.

Amayi, ofufuza anayamba ndi kuwerenga ndudu, kenaka anayeza ndudu pa makina, pomaliza anayeza munthu mwini. Atatero anapeza kuti pakhomo pamene pali wosuta mmodzi, kapena chigafa chimodzi, olandira chikonga amakhala ambiri. Mwezi wamawa mukamabwera kusikelo, yesani kubwera ndi bambo. Mawu amene amavuta kuwanena kunyumba, namwino akhoza kukuthandizani kuwanena.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi bambo wa m'sewero uja ananama, kapena sankadziwa kuwerenga fodya wake? Fotokozani.
2. Tchulani njira zonse zimene chikonga chingalowere m'thupi mwa mayi amene sasuta.
3. Kodi m'mudzi mwanu anthu amati chiyani munthu akasanza atachoka kothyola fodya?
4. Ndi mawu otani amene mungagwiritse ntchito popempha bambo kapena apongozi kuti azisutira panja, popanda kuyambana?
5. Pa nthawi yothyola ndi kusoka fodya, amayi a m'mudzi umodzi angathandizane bwanji kuti makanda asakhale pachigafa?